Dzanzi m'Zala za Woimba Ng'oma

Lolemba, 2 Juni

Kuzizira. Shifiti ya m'mawa pansi pa mgodi, tsiku lonse nditakumbatira mashini obowolera mwala. Potuluka, zala zitatu zoyera ngati chinangwa chosenda. Dzanzi mpaka madzulo.

Dzulo ku galaja ya ku Seraleng, komwe gulu lathu loimba limayeserera, Kabiru wa gitala anabwera ndi zachilendo. Akuti nyimbo yathu yatsopano tiisandutse deathcore. Pakati paja pomwe ine ndimathamanga kwambiri pa ng'oma, iye akufuna bulekidauni: zonse kuzizira, gitala kumagwa kamodzikamodzi ngati munthu akusinja chimanga ali ndi malungo. Ndinakana. Gululi tinaliyamba kuti tiziimba death metal, ya magitala aukali ndi ng'oma zaliwiro. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Chionetsero chili pa 14.

Lachitatu, 4 Juni

Ndamvetsera nyimbo zimene Kabiru wanditumizira, kuti asamadzati ndimakana ndisanamve. Kunena chilungamo, zimalemera. Bulekidauni ikagwa chifuwa chimanjenjemera, anyamata n'kumaponya mateche m'mwamba. Koma ukamva imodzi wamva zonse. Umadziwiratu pomwe igwere. Ng'oma zake zosalala mopitirira, ngati waimba ndi kompyuta.

Death metal sikupempha kuti uvine. Imathamanga, imakhota pomwe sumayembekezera, woimba ng'oma sapuma. Chilema chake ndikuchidziwa: anthu amangoima atapinda manja, kugwedeza mutu basi, ena sasiyanitsa n'komwe nyimbo yoyamba ndi yachitatu. Aime choncho. Ine sindiimbira miyendo ya anthu.

Lamlungu, 8 Juni

Kamtengo ka ng'oma kandipulumuka kawiri poyeserera. Malo omwewo, pakati pa nyimbo. Sindinamve n'komwe kuti kachoka m'dzanja. Ndati ndi thukuta.

A Beston, oyandikana nawo nyumba, anagwira mashini obowolera omwewa zaka makumi awiri. Lero mabatani a malaya amawamangira ndi akazi awo. Andipeza ndikuviika manja m'madzi ofunda. "Mfana Jamilu, mashiniwo amayamba ndi zala, kenako supuni yomwe imakukana." Madala amakonda kuopseza.

Ndikuopa. Ndalemba, basi. Kuno ku Joni ng'oma ndi chinthu chokhacho chimene sindichitira bwana.

Lachitatu, 11 Juni

Peace, wa mawu m'gulu lathu, pakamwa pake sipagona nkhani. Akuti Kabiru deathcore saikonda n'komwe. Kabiruyo wakhala akutijambula pa foni milungu itatu, n'kumamvetsera pomwe dzanja langa limafookera, bulekidauni n'kuiika pomwepo. "Akufuna uzipuma, m'bale wanga, kusiyana n'kuti tisake wina."

Kani akhala akundimvera chisoni kumbali! Ine kutsutsana za nyimbo mpaka kusasa mawu, anzanga akundiyalira mphasa ya wodwala. Ndamuimbira foni Kabiru. Loweruka tiimba pa liwiro lonse, apo ayi asake winayo. Wangoti, "Chabwino." Bola akanandilalatira.

Lamlungu, 15 Juni

Dzulo masana, holo ya ku Tlaseng. Anthu mwina makumi asanu ndi limodzi. Ndinayamba pa liwiro langa lenileni. Mphindi ziwiri zoyamba, moto! Kenako dzanja lamanja linangofa. Kamtengo ndikukaona koma osakamva, kugunda kunayamba kutsalira. Ndinadziwa kuti nyimbo ikugwera pa ine, anthu onsewo akuona.

Kabiru sanacheuke. Anangotsitsa gitala mu bulekidauni ija, Peace n'kubangula pamwamba pake. Ndinatsatira ndi phazi ndi dzanja lamanzere. Kugunda kamodzi, kupuma. Kamodzi, kupuma. Holo inapenga. Onse ankaganiza kuti tinakonza dala.

Kabiru sindinamuthokoze. Deathcore ndi ya ana, ndikunenabe, ndipo ndidzanena mpaka kumanda. Koma nyimbo ndinaimaliza ndili pampando wanga.

Lero ndamutumizira uthenga: bulekidauni imodzi pa nyimbo, imodzi yokha, ndipo malo ake ndizisankha ndine. Wayankha kuti ziwiri. Ndikufuna kumutukwana bwinobwino, koma chala chikungodina zilembo zolakwika pa foni, ndipo cholemberachinso chayamba kundipulumu—