Anapiye M'furiji Yakale

Lachinayi, mwezi wa Juni, ku Namitambo

Lero mtima wanga wayera. Mazira aswa! Furiji yakale imene ndinaisandutsa makina ofungatira mazira yagwira ntchito.

Kawiri konse mazira a azakhali anaonongekera momwemo, chifukwa pulogalamu imene ndinalemba m'kachipangizo koyang'anira kutentha inkasokonezeka magetsi akathima. Nditaikonza, anandipatsa mazira awo omaliza, koma monyinyirika.

M'mawa ndangomva akukuwa: "Iwe Esinati, thamanga! Furiji yako ikulira!"

Ndawapeza atagwada, akusuzumira anapiye, dzanja lili pakamwa. Masana aitana amayi anzawo a kutchalitchi kudzaona, n'kumawauza kuti, "Ndi mwana wa achimwene anga ameneyu. Ndi injiniya."

Chimalizireni sukulu, sananditchulepo choncho. Dzira limodzi lokha latsala, koma nalonso layamba kugwedera...