Amayi Ali m'Gulu Lachitatu

Lolemba, 11 Januwale
Msonkhano m'mawa. Mipando yotalikirana, aliyense masiki kukamwa, mawindo otsegula ngakhale kunja kuli mvula. Katemera akubwera, koma wochepa. Abwana akufuna kudziwa oyamba kubayidwa akhale ndani. Ntchito yagwera ine ndi mnzanga wa desiki lapafupi, yemwe timamutcha Khofi poti kapu sichoka m'manja mwake. Ndife amasamu a mu ofesi muno: timaika manambala m'kompyuta, modelo n'kutilosera mmene matenda afalikire tikachita zakuti kapena zakuti.

Achimwene, omwe amakhala ndi amayi, aimba masana. Akuti amayi aika nsapato m'firiji. Taseka tonse. Chiyambire mliriwu sindinapiteko. Ndimakwera basi tsiku lililonse, ndingawatengere matenda.

Lachisanu, 22 Januwale
Taiyendetsa modelo mpaka maso kuwawa, yankho limodzimodzi. Oyamba achipatala. Kenako oyendetsa mabasi, ogulitsa mumsika, aphunzitsi, onse okumana ndi anthu ambiri. Tikatero mzere woonetsa chiwerengero cha odwala ukugwa msanga. Okalamba gulu lachitatu, bola akhale pakhomo osalandira alendo. Opulumuka akuchuluka kuposa tikayamba ndi okalambawo.

Khofi anandifunsa zaka za amayi. Ndamuyankha kuti masamu sadziwa mayi wa munthu. Ndanena mokweza, ngati ndanena zanzeru.

Lachitatu, 3 Febuluwale
Ndafotokoza kwa akuluakulu. Dokotala wina wa imvi anatsutsa, akuti nkhalamba si mbewu yoti uitsekere m'botolo n'kudzaipeza momwemo. Ndamuonetsa mizere yanga mpaka wasiya kutsutsa. Avomera zanga. Abwana andigunda ndi chigongono, moni wa masiku ano. Pobwerera ndagula kakeke, ndadya ndekha ndili chiimire m'khitchini.

Lamlungu, 14 Malichi
Foni ya vidiyo. Alamu agwirizira foni, amayi akungosuzumira kuseri kwake kufuna kuona komwe ndabisala. Anafunsa kuti ndibwera liti. Ndati mukabayitsa. Patapita kanthawi afunsanso, kenako afunsanso.

Achimwene anatuluka nayo foni panja. Anandipempha kuti ndingofika ndiime pageti, amayi andione basi. Ndakana. Ine amene ndinalemba kuti okalamba asachezeredwe, ndikaoneke pageti? Komanso amayi sangaime patali, angandikumbatire. Achimwene anangoti, "Iwe ndiye wodziwa."



Lachiwiri, 20 Epulo
Mzere wagwa monga tinalosera. Kuchipatala mabedi ena opanda anthu, koyamba chaka chino. Khofi wavina pakati pa madesiki, kapu m'manja.

Koma katundu wachiwiri wa katemera wachedwa kufika, sakudziwa kuti mpaka liti. Gulu lachitatu lidikirebe. Kuchedwa kumeneku sitinakuike m'modelo.

Alamu akuti amayi asiya kufunsa za ine. Amanena pofuna kunditonthoza, kuti amayi azolowera, asiya kudandaula. Akutinso awabisira machesi, amayatsa mbaula n'kuiwala.

Loweruka, 5 Juni
Amayi anabayitsa kawiri, masabata ofunika adutsa. Ndapita. Ndawagulira juzi yobiriwira, mtundu wawo.

Ndawapeza pakhonde akupinda zovala. Anenepa, nkhope yowala, chikhosomo ayi. Anaimirira, n'kundipatsa moni ndi manja awiri. "Takulandirani, mayi. Mwachokera kutali?" Kenako anakalipira alamu kuti mlendo waima opanda mpando.

Ndinaganiza kuti ndi masiki. Ndavula. Chimodzimodzi. Achimwene anawauza kuti uyu ndi mzime wanu uja. Amayi anaseka, akuti mzime wawo ndi kamwana, kali kusukulu, kabwera ndi njala posachedwa. Juzi anaithokoza kwambiri, akuti anthu abwino akadalipo.

Ndinapita kuseri kwa nyumba, pa chingwe choyanikira. Achimwene ananditsatira. Akuti m'Malichi muja amayi amatchulabe dzina langa, amakhala pawindo kuyang'ana kumsewu. Sananene mondidzudzula. Bola akanandidzudzula.

Masamu aja anali olondola. Alipo anthu akuyenda lero chifukwa cha iwo, ndipo amayi matenda sanawakhudze. Koma pageti paja ndikanaima.

Lamlungu, 6 Juni
Ndagona m'chipinda cha ana, miyendo kutulukira kunja kwa bedi. Alamu akuti adokotala anawauza kuti kuiwala kotereku sikubwerera m'mbuyo, ngakhale ndikanabwera tsiku lililonse. Mwina. Palibe angandiwerengere zimenezo.

Abwana atumiza uthenga: kwamveka mtundu wina wa kachilombo, modelo iyambidwenso mawa. Sindinayankhe.

M'mawa amayi anakana kuti alamu awapese, akuti amakoka. Anandipatsa ine chipeso. Tsitsi lachepa, lofewa ngati la khanda. Anakhala phee, maso otseka. Anandifunsa ngati ndili ndi amayi. Ndati ndili nawo. Anafunsa ngati ndimakawaona. Ndati ndayamba. Akuti ndachita bwino, ndipo mawa ndidzawapesenso ngati sindikufulumira ulendo.

Ndati sindikufulumira. Ndiimbira abwana masana, ndipemphe sabata. Akakana ndiye

Amayi akundiitana. Akufunsa kuti mlendo wa manja ofewa uja wapita kuti.