Jekete ya Bambo a Nércia

Lolemba, 8 Setembro

Kutentha kwafika msanga chaka chino. Nércia wadzuka ndi thukuta m'khosi, ati sapita kusukulu. Wapita.

Ku Instituto, sukulu yathu ya ntchito zamanja, amata ndandanda pakhomo. Masewero ndi magule, Loweruka lililonse kuyambira pa 27 mpaka Outubro atathe. Gule wa nyanga, kwaya, zojambula za a kalasi ya penti, ndi sewero lathu lomwe likutsegulira zonse, lidzabwerezedwanso kawiri. Pansi penipeni, timalemba ting'onoting'ono: Zovala, Arminda Saize. Dzina langalo ndawerenga katatu. Miyezi isanu ndi umodzi chimwalirire bambo a Nércia, lero ndiye mtima wanga wadumpha ndi chinthu china osati mantha.

Sewero lake ndi la anthu obwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Zovala khumi ndi zinayi, makina abwino atatu, enawo ongodula ulusi. Aphunzitsi a Ernesto, otsogolera sewero, sakhutira msanga. Majekete asanu ndawatolera pa kaunjika, onse awakana. Ati awa ndi a dzulodzulo, iwo akufuna jekete yoti munthu akangoiona amve fungo la kampu ya othawa nkhondo. Ndiye ndikaigule kuti, kwa mizimu?

Lachitatu, 10 Setembro

Pakamwa pangapa padzandiphetsa. A Ernesto akananso jekete ya chisanu ndi chimodzi, ine mtima utakwera ndangoti, "Ndili nayo kunyumba." Mawu atuluka okha.

Ilipodi. Jekete yofiirira ya Venâncio, malemu mwamuna wanga. Inali ya bambo ake, anailandira ku kampu ku Ntcheu, anabwera nayo ataivala. Pa chigongono cha kumanzere pali chigamba cha ulusi wobiriwira, apongozi anga anasoka okha. Ana a pasukulu amati kazako, kwa amuna anga amati jekete mpaka lero chifukwa inabwera ndi dzina lake.

Koma ili mu mala, sutikesi yaikulu ija. Mmawa wake wa maliro alamu anga a Georgina anaikamo zovala zonse za malemu ndi kumanga ndi kansalu ka chitenje. Siitsegulidwa mpaka pa m'meto, mu Novembro, akadzabwera a ku Tsangano kudzagawa. Sindine mwana, ndikudziwa.

Ndipo tsiku lomwelo adzakamba za Nércia. Malowolo anapereka, mwana ndi wa kuchimuna. A Afonso, akulu ake a Venâncio, ananena pamaliro pomwe, maso ali pansi: "Za mwana tidzakamba pa m'meto, tione kaye mmene mukukhalira." Miyezi yonseyi ndakhala ndikuyenda ngati ndasenza mazira. Kusukulu, kutchalitchi, kunyumba. Kuseka kumene ndimayamba ndayang'ana kumbuyo.

Mawa ndikawauza a Ernesto kuti ndinasokoneza, ilibe.

Lachinayi, 11 Setembro

Ndatsegula.

Mwana atangotuluka. Mfundo ya a Georgina ndaiyang'anitsitsa kaye kuti ndidzabwezere chimodzimodzi. Jekete inali pamwamba penipeni. Fungo lake likadalimo, sopo ndi dizilo ndi dothi la mbatata za m'galimoto lomwe linamuphalo. M'thumba la mkati chipeso chake chothyoka mano awiri. Ndakhala pansi, sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Chipeso ndachibwezera momwe chinali.

Muno mokha ndinene zoona. Si chifukwa cha a Ernesto ayi, kapena dzina langa pa ndandanda. Ndikufuna kuiona ili ndi mapewa mkati, ikuyenda. Ndamusowa mwamuna wanga, basi.

Ndamanganso. Mfundo yanga yapendekera kumanja, ndayesa kanayi. Ndi mfundo chabe, ndani angayang'ane?

Loweruka, 13 Setembro

Flávio waivala. Ndi uja amaphunzira za magetsi, ndiye akuchita mbali ya bambo wobwerera. Mapewa yamukwana ndendende, manja yamufupikira zala ziwiri. Atatembenuka kundipatsa msana ndatuluka kupita pa mpopi, ati kukamwa madzi. Ndatsegula mpopi kwambiri kuti asandimve.

A Ernesto kusangalala, kuomba m'manja, ati iyi ndiye jekete yolankhula yokha. Ndawauza lamulo langa: ndibwera nayo ndekha m'jumbo, ndibwerera nayo ndekha, isatuluke m'chipinda choyeserera. Avomera onse. Ndikaibwezera pa 27 likangotha sewero loyamba, masiku enawo aona chochita.

Flávio akudandaula kutentha, ati akuphikidwa wamoyo. Ndamuuza kuti akaidonthezera thukuta pakolala andiona. Waseka. Nanenso ndaseka, osayang'ana kumbuyo.

Madiresi atatu atha. Otsala: mathalauza a asilikali, mpango wa agogo, malaya a ana awiri.

Lachisanu, 19 Setembro

Mayo ine.

Atulutsa kartazi, pepala lachithunzi loitanira anthu ku sewero. Ndaiona ndili mu chapa, minibasi ija, pa mtengo wa magetsi m'dera la Samora Machel, ndinayesa maso akundinamiza. Flávio wapereka msana, phukusi pamutu, mkono wa kumanzere wakwezedwa kugwira phukusilo. Chigamba chobiriwira chili pakati penipeni pa chithunzi, choonekera kutali. Wina anajambula pa telefoni ine ndili pa mpopi paja.

Zili paliponse. Pokwerera chapa, pa khoma la farmasiya, pa geti la msika. Geti lomwelo, pomwe a Georgina amayala mbatata zawo, masitepe osakwana makumi awiri. Ndatsika, ndang'amba ya pageti, ndang'ambanso ziwiri kutsogolo, mpaka chikhadabo chathyoka. Mayi wina wogulitsa malambe kundiyang'ana ngati wamisala. Asindikiza mazana awiri.

A Ernesto ndawapeza akudya sangweji. Ndalankhula, ndalankhula, Chinyanja ndi Chipwitikizi pamodzi. Iwo, "Koma dona Arminda, si chovala chabe?" Anakulira ku Beira, zathu za kumapiri sazidziwa. Ndikanawauza poyamba pomwe kuti ndi ya malemu. Sindinanene, ndimaopa angakane.

Nsima sindinadye. Mwana wadya yekha, akundiyang'ana.

Lamlungu, 21 Setembro

Dzulo zii. Telefoni zii. Ndinayamba kudzinamiza kuti mwina sanaione.

Lero kutchalitchi a Georgina andipatsa moni wa nsonga za zala. Masana afika kunyumba osayamba aimba, ati apemphe madzi akumwa. Madzi, munthu wokhala nyumba ya mpopi? Ndalowa kukatunga, pobwera ndawapeza aima pafupi ndi mala. Sanaikhudze. Angoti, "Mfundo iyi si yanga, alamu." Kapu aisiya yodzaza pa tebulo.

Ndinafuna kuwathamangira, koma ndangowaonerera akupita. Nércia wandifunsa chifukwa chomwe azakhali sanamunyamule lero. Ndati atopa.

Lachiwiri, 23 Setembro

A Afonso aimba mmawa ndili pa makina. Sanafunse ndi za moyo zomwe. Ati ku Tsangano nkhani yafika kale, madalaivala a mbatata anaona chithunzi, akuti mlamu wapeza mwamuna wina ndipo wamuveka zovala za malemu, mzinda wonse ukuonerera. Mwamuna wina! Flávio, woti ndevu zake ungaziwerenge! Ndayesa kufotokoza za sewero, iwo ati sewero lenileni ndi lomwe ndawachitira iwo. Apongozi anga akubwera Lachisanu pa galimoto la mbatata, a Afonso nawonso akubwera. Ndikonze zovala za mwana.

Ndikonze zovala za mwana. Ndakhala ndikubwereza mawu amenewo tsiku lonse.

Maganizo mbwee. Ndithawire kwa mkulu wanga ku Moatize? Adzandipeza tsiku lomwelo, ndipo pamenepo ndiye ndavomera mlandu. Ndipite kwa mkulu wa bairro, dera lathu lino? Adzati za pabanja kakambiraneni kwanu. Ndibwezere jekete mu mala? Ndabwezera, kenako ndatulutsanso, nanga zithandiza chiyani, madzi akatayika saoleka.

Ndasoka mkono wa malaya chozondoka, kawiri konse. Marlene, mnzanga wa pa makina, wandilanda n'kundiuza ndipite ndikapume. Kupuma kwake kuti? Ndayenda wapansi kuchokera ku Instituto mpaka ku Nhartanda, dzuwa lili pamutu, popanda chokachita. Pobwerera ndadutsa pasukulu ya Nércia, ndaima pa mpanda mpaka ndamuona akusewera fulaye.

Ndakwiya. Ndi a Georgina, ndi a Ernesto, ndi wojambulayo. Ndi Venâncio amene, wondisiyira zonsezi. Koma mala sanatsegule iwo.

Lachisanu, 26 Setembro

Afika. Agona kwa a Georgina, kwanga angobwera masana. Apongozi anga a Nangozo achepa thupi, mapazi atupa ndi ulendo. Mpando akana, akhala pa mphasa. Tiyi sanamwe. A Afonso aima pakhomo, manja kumbuyo.

Ndagwada, ndanena zonse, osabisa. Za sewero, za a Ernesto, za mfundo. Mpaka chija ndinalemba muno, choti ndimafuna kuiona ikuyenda. A Afonso atsonya. Apongozi akungosisita mutu wa Nércia.

Kenako afunsa kuti sewerolo ndi la chiyani. Ndabwereza. Podzuka ati, "Mawa ivalidwe. Ndikufuna ndikaone ndekha."

Sindikudziwa ngati ndi msampha. Mwina akufuna mboni holo yonse. Zovala za mwana sindinakonze, ndipo sindikonza. Ndamuluka tsitsi, ndamukoka kwambiri mpaka walira, ndapepesa.

Lamlungu, 28 Setembro

Dzulo sindikanatha kugwira cholembera.

Holo inadzaza isanakwane 15 ora, 3 koloko masana, ena kusuzumira pa mawindo. Mafani awiri okha, anthu kudzipepesa ndi ndandanda. Iwo anakhala mzere woyamba: a Afonso, apongozi, a Georgina. Nércia pamwendo pa agogo ake, atamugwira pamkono. Ine kuseri kwa katani, masingano pakamwa, maso pa dzanja limenelo. Sewero lenilenilo sindinalione bwino.

Flávio atalowa, a Georgina anaphimba kumaso. Apongozi sanaphethire.

Pali pena pomwe bambo uja amafika pamudzi pake n'kupeza tchire lokhalokha, mtengo wa mango wokha ndiwo ukusonyeza pomwe panali nyumba. Flávio amagwa pansi n'kulira mokweza, a Ernesto anamuphunzitsa choncho. Ali mkati molira, panamveka mawu a apongozi kuchokera kutsogolo, osakuwa, koma holo yonse inamva: "Iyayi. Sanalire. Anavula jekete, anapachika pa mtengo, anapempha khasu." Ena anaseka, ena anati shii. Flávio anasokonezeka, anayang'ana kwa ine. Kenako anadzuka, anavula, anapachika pa nthambi yathu ya makatoni. Ine ndinali nditaiwala kuti tsiku lomwe amuna awo anabwerera kumudzi iwo analipo, Venâncio ali kumsana.

Litatha anabwera kuseri onse atatu ndi mwana, apongozi akutsimphina. Flávio anawapatsa apongozi jekete ndi manja awiri, atagwada, thukuta chuchuchu. Iwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenukira kwa a Afonso: "Mwamuna mumanena uja ndi ameneyu?" A Afonso anayamba za mwambo, za manyazi, za anthu akumudzi. Apongozi anawadula ndi dzanja. Chala chawo chinali pa chigamba, chikuyenda pa ulusi.

Kwa ine sanamwetulire ngakhale pang'ono. Ndilembe momwe ananenera, ndisadzakometse. "Walakwa, ndipo ukudziwa kuti walakwa. Jekete ndikupita nayo. Mala nayo ikupita mawa, pogawa iwe usadzayembekeze kanthu. Mwana msiyeni kwa amake, ali pasukulu." A Afonso anati pa m'meto nanga? Iwo anati pa m'meto adzanena zomwezo.

Ndinagwa pamapazi awo. Anandiuza ndidzuke, anthu akuona.

Mala yapita mmawa uno pa galimoto lobwerera, a Georgina amanganso mfundo yawo. Sanandilankhule. Galimoto litakhota ndi pomwe ndakumbukira chipeso, chili m'thumba la jekete.

Lolemba, 29 Setembro

Nércia wapita kusukulu. Ndamuperekeza mpaka pageti, iye kuchita manyazi, ati ndine wamkulu amama. Pomwe panali mala patsala malo oyera, a makona anayi. Ndasesa mozungulira.

Ndili naye mwana wanga. Ndanena mokweza m'nyumba yopanda munthu. Cha Venâncio ndilibe ngakhale batani.

Sewero libwerezedwa pa 11 ndi pa 25, jekete palibe. A Ernesto abwera nayo okha nsalu yofiirira, apepesa, atinso malo aja a mtengo akhala momwe ananenera agogo. Ndati ndisoka ina, tidzaikhutiza m'dothi ndi tiyi ioneke yakale.

Ndayala nsalu pa tebulo, choko m'manja. Mapewa, msana, kolala, manja. Ndadula. Marlene ndiye wandifunsa kuti tepi yanga ili kuti, nanga Flávio ndamuyeza liti. Tepi inali m'chikwama, sindinaitulutse. Ndadula pa miyeso ya jekete ya Venâncio, ya m'mutu.

Manja adzamufupikira zala ziwiri. Nsalu yotsala ilipo yokwanira kudulanso. Azivala choncho.