Dengu la Ababa Lokana Kumasuka

Lolemba, 9 Juni

Lachisanu amayi Deolinda, oyesa aphunzitsi atsopano, adzakhala kumbuyo m'kalasi mwanga. Akakhutira, nditsala pano pa Milange. Apo ayi, anditumiza kutali ku Molumbo, matope ndi njinga. Mutu wa phunzirolo: mmene selo imamezera chakudya ndi klatirini. Dzina lokhalo lilime langa likupunthwa. Mantha!

Lachiwiri, 10 Juni

Zalowa m'mutu tsopano. Khungu la selo lili ndi timbedza tokola zofunika zokha. Tikakola, khungulo limabonyokera m'kati n'kukhala kathumba. Klatirini ndi tizinthu tamiyendo itatu, timalukana mozungulira kathumbako ngati dengu. Pakhosi n'kufinyika, kathumba thothoo, kalowa. Kenako dengulo limamasuka kuti katundu akafike, timiyendo n'kubwerera kukaluka lina.

Dengu! Woluka ali m'nyumba momwemo. Ndapempha ababa andilukire lobulungira, lomasuka ndikangokoka chingwe. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Lomasuka? Chiyambire kuluka ku kampu ya othawa nkhondo ku Mulanje, dengu langa silinachititsepo munthu manyazi." Ndafotokoza katatu. Ati amva.

Lachinayi, 12 Juni

Latha. Lokongola mpaka kukwiyitsa. M'kati kathumba ka chitenje kodzaza mtedza wokazinga, likamasuka ana adye. Ndimati ndiyese chingwe, ababa andimenya padzanja: "Usaliwononge lisanafike kusukulu." Bulauzi ndasita kawiri.

Lachisanu, 13 Juni

Mayo ine.

Timbedza bwinobwino. Kathumba bwinobwino. Ndati, "Taonani dengu limasuke!" Kukoka chingwe, zii. Kukokanso. Kuikapo ndi mano omwe. Ana makumi asanu ndi awiri akugubuduka ndi phwete, ine thukuta kamukamu, msewu wa ku Molumbo ndikuuona ndi maso.

Amayi Deolinda, osamwetulira: "Nanga selo yanuyi idya liti, aphunzitsi?"

Pakamwa panangoyankha pokha. Siidya. Dengu likakana kumasuka, katundu amangokhala mommo, safika kumene akufunika. Timiyendo tonse tikathera m'madengu otere, lina alukira chiyani? Ana anasiya kuseka, maso pa mtedza. Anaimva njala ya selo m'mimba mwawo. Ndafunsa mafunso asanu, manja m'mwamba kalasi yonse.

Amayiwo anangolemba, n'kutuluka ndi dengu langa kukhwapa.

Kunyumba ababa avomera okha: anamanga mfundo ziwiri ndili kosamba. "Ukanakonda anthu aziti ine Basílio ndaluka chophwasuka?" Ndakwiya zenizeni.

Lachitatu, 18 Juni

Ndatsala pa Milange! Ndalira pang'ono kuseri kwa ofesi.

Dengu lili pa tebulo la amayi Deolinda, mtedza ukadali m'kati. Ati akufuna ena asanu a makalasi enawo, koma omasuka ndithu. Ndawauza ababa. Apitiriza kusenda nsungwi.

"Asanuwo ndiluka," atero. "Zomasulazo akaitane a klatiriniwo adzayese okha."