Ndemanga zanga zamseri zatuluka m'buku la oweta nkhosa

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 68, mlembi wa bungwe la oweta nkhosa kuno ku Dubbo. Bungwe lathu litakwanitsa zaka makumi asanu, ndinalemba mbiri yake pa kompyuta. Poti ambirife maso anafooka, tinagwirizana kuti likhale buku lowerengera pa timakina ta m'manja tija, timene munthu amakulitsa zilembo yekha.

Polemba ndinkaika tindemanga m'mbali tongodzikumbutsa. Pa dzina la mnzanga Lindsay Corrigan, amene takhala tikumeta nkhosa limodzi chiyambire unyamata, ndinalemba kuti: "Nkhosa yake imene inapambana pa chionetsero cha 1994 anachita kugula, sanawete yekha." Nditasandutsa fayiloyo kukhala buku sindinaitsegulenso, ndinangotumiza kwa anthu 83. Ndemanga zija zinatuluka zonse, kumapeto kwa mutu uliwonse.

Lachinayi ndinakumana ndi Lindsay kumsika wa ziweto. Ndinati, "Kabotolo kamodzi bwanji, achimwene?" Iye anati, "Kamwe ndi kompyuta yako, si ndiyo umaiuza zakukhosi." Mkazi wanga Noelene wangoti, "Ndinati ndione kaye, koma a pulofesa anali pachangu."

Kodi ndingauze bungwe kuti pulogalamu ya pa kompyuta ndiyo inasokoneza mawu? Sindifuna kutaya mnzanga.

T.H., Dubbo

Bambo T.H.,

Mwakula mpaka imvi, koma nzeru imene mwaipeza ndi yonamizira makina? Pulogalamu siidziwa Lindsay, siidziwa nkhosa. Inangonyamula miseche imene munaisenzetsa n'kukatula pakhomo la aliyense. Zaka zonsezi mumamwa naye mukuseka, kumtima mukumutcha wachinyengo, ndipo lero chikukuwawani ndi kugwidwa basi.

Zokonza bukulo n'zosavuta, kungoti ulesi. Koperani fayiloyo, mufufute ndemanga zonse ndi zosintha zobisika. Mukaisandutsanso kukhala buku, litsegulireni pa kamakina kanu, muwerenge kuyambira pachikuto mpaka pomaliza, kenako mupatse mayi Noelene, amene akuoneka kuti ndiwo ali ndi mutu pakhomopo. Ngakhale nkhosa simupita nayo kumsika musanaiyang'ane mano.

Koma musadzinyenge. Buku latsopano silifufuta lakale m'timakina ta anzanu, ndipo ena alisunga dala.

Ndiye lizani galimoto mupite kufamu kwa Lindsay, osati pafoni. Mukanene kuti munalemba ndinu. Ngati nkhani ya kugulayo munangoimva kumowa, mukaibweze pamsonkhano, mutaimirira, onse akumva. Lindsay akakupirikitsani, mupitenso sabata yamawa. Bodza la pulogalamulo lisiyeni, chifukwa mukalinena mudzakhala mwamunyoza kawiri.

Musananyamuke, khalani pansi muwerenge ndemanga zotsalazo, mulembe mayina. Sindikhulupirira kuti cholembera ngati chanucho chinaluma munthu mmodzi yekha. Thirani mafuta okwanira, mafamu a kwanuko ndi otalikirana.

Aphungu