Chipinda chodyera chakongola, yatsala mphatso ya Alberto

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Beira. Kuno ku Zóbuè chifuwa chija chandileka, ndipo chimanga chamera bwino.

Chimwalirireni mayi a Rosa, ndinkaopa kuti ana sadzabweranso kudzadyera Khirisimasi pano, poti wowasonkhanitsa anali iwowo. Ndiye Loweruka ndinati ndikongoletse ndekha chipinda chodyera. Ndinatulutsa nyuzipepala zanga zakale kuti ndidule tizingwe topachika kudenga, koma tsamba lililonse ndinkayamba ndaliwerenga. Rosa atafika kuchokera ku Moatize, anapeza ndadula kamodzi kokha.

"Bambo, mukukongoletsa kapena muli pasukulu?" anandifunsa. "Amayi akanakulandani sizasi kalekale."

Anandilandadi. Tinaseka mpaka misozi, ndipo palibe anafunsa mnzake kuti misoziyo ndi ya chiyani. Pofika madzulo tizingwe tinali lende kuyambira pazenera mpaka pakhomo, nthambi za mkungudza zili m'botolo patebulo. Pochoka Rosa anati, "Mubwereke mipando kwa aneba. Mlongo wanga Alberto akubwera ndi banja lonse."

Tsono mundilangize msanga, achemwali. Rosa ndamugulira nsalu ya kapulana yobiriwira. Nanga Alberto, bambo wandevu woyendetsa lole ya malasha, munthu amamugulira chiyani? Mlongo wake akuti wakula, asalandire kanthu. Mayi awo sankazimva zimenezo, ndipo ine sindifuna kuti chaka chino mwanayo akhale patebulo chimanjamanja.

Moni kwa alamu ndi adzukulu. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Fernando