Kachigongono ka Mkuwa

Trelawney,
14 Ogasiti 1994

Okondedwa alongo anga a Rosalina,

Poyamba ndifunse za moyo wanu. Mukudzuka bwanji ku Glendale uko, ndi miyendo ija yomatupa kukazizira? Nanga alamu anga a Marcelino akadali kuthirira malalanje? Ife kuno Mulungu akutisunga. Mlamu wanu Filesi chifuwa chinamusiya, ndipo ana akupita kusukulu. Fodya yense anapita kumsika, tsopano anthu ali kalikiliki ndi nazale.

Koma sindinalembere za fodya. Ndalembera za mwana wanu Joana. Munamulandira ndi kachikwama kake mu Juni, ndipo munamva kuti wachotsedwa ntchito ya m'nyumba chifukwa anapha zinthu za bwana. Lezani mtima mumve bwino nkhaniyi, chifukwa yomwe munamvayo ndi yopunduka.

Bwana wathuyu, mwini famu ino, ali ndi kamisala kake ka nsomba zosadya. Pabalaza pake pali thanki yagalasi yotalika ngati bedi, yodzaza madzi a mchere. Muli tinsomba tamawangamawanga, miyala yamoyo imene imatambasuka ngati maluwa, ndi nkhono zonyambita galasi. Ife obadwira ku Tete nsomba timaidziwira m'mbale, koma iye amatha tsiku lonse la Sabata ali chikhalire kuziyang'ana.

Mu Malichi anandiitana ku wekishopu n'kundionetsa chithunzi m'buku. Anati akufuna bokosi lachiwiri, lobisika m'kabati pansi pa thanki. Madzi azitsikiramo, azidutsa m'zipinda zitatu n'kusiya zinyalala ndi thovu, kenako pampu iziwakwezanso pamwamba. Anati ku Harare amagulitsa, koma palibe lokwana m'kabati yake, ndipo wamva kuti manja a Simao salephera kanthu. Mukumudziwa mlongo wanu akayamikiridwa. Mutu unakula kuposa chipewa.

Anandibweretsera mapepala a pesipekisi, pulasitiki ija yolimba yooneka ngati galasi. Ndinawacheka ndi sowo ya mano ang'onoang'ono, n'kupala m'mphepete monse mpaka chala kutererapo. Guluu wake si womata ngati wa nsapato ayi. Ndi madzi onunkha amene amasungunula mbali ziwirizo n'kuzisandutsa chimodzi, ndipo ndinkawathira ndi jekeseni ya ng'ombe, dontho dontho. Timakoma tam'kati ndinaika titatu, kuti madzi adutse pamwamba, pansi, pamwambanso. Nditatha bokosilo ndinalidzaza madzi n'kulikhazika pa nyuzipepala masiku atatu. Silinadonthe ngakhale pang'ono. Zaka zanga zonse za mu wekishopu sindinapangepo chinthu chokongola chotero, ndipo ndinachikonda.

Tsiku lolumikiza mapaipi, kachigongono ka pulasitiki, kolumikizira mapaipi pokhota, kamene bwana anagula kanasweka m'manja mwanga pomanga. Ndinachita manyazi kukanena. Ndinapita ku sitolo ya zipangizo zothirira n'kutenga ka mkuwa kofanana nako. Mumtima ndinkati ndamukonzera bwana, chifukwa pafamu pano tonse timadziwa kuti pulasitiki ndi ya anthu aumbombo, mkuwa ndiye suchita dzimbiri. Ndinakamanga kuseri kwa pampu, m'madzi momwemo, posaoneka. Sindinafunse munthu. Safunsa adadya phula.

Patapita masabata angapo nkhono zinayamba kugwa pagalasi. Miyala ija inaleka kutambasuka, ina n'kuyera ngati mafupa. Bwana anasokonezeka mutu. Adona, akazi a bwana, ndiye anati anamuona Joana atanyamula mankhwala opopera udzudzu. Joana analira, n'kunena kuti amapopera kuzipinda zogona kokha, atatseka chitseko, monga anamuphunzitsira. Sanamumvere.

Ine atsibweni ake, amene ndinamupezera ntchitoyo, ndinatani? Sindinamuitanire m'nyumba kuti ndimve mbali yake. Ndinamupeza pa mjigo, pamene amayi a m'komboni muno amatunga madzi, n'kumukalipira pamaso pa onse. Ndinati wandichititsa manyazi, ndinati ndi mwana wosamva, ndinatinso mawu ena amene sindingawalembe. Anangosenza ndowa yake yosadzaza n'kumapita. M'mawa mwake Filesi ndi amene anamuperekeza ku basi.

Mu Julayi kunabwera mkulu wina wa ku Harare amene amagulitsa zinthu za m'nyanjazi. Anatsegula kabati, n'kuyamikira bokosi langa kuti ngakhale kwawo sapanga laudongo chotero. Kenako anafunsa mongodutsa ngati palibe chitsulo chilichonse chokhudza madzi, makamaka mkuwa. Anati mchere umaudya pang'onopang'ono, ndipo kwa nkhono ndi miyala yamoyo umenewo ndi poizoni. Bwana anayankha kuti zonse ndi pulasitiki, anagula yekha. Atatero anandiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu kuvomereza.

Alongo, nthawi yomweyo ndinakumbukira kachigongono kaja. Koma sindinaulule.

Mkuluyo analamula kuti tisinthe madzi ambiri. Pamene bwana anapita kukasakaniza mchere, ndinamasula kachigongono kaja n'kuika ka pulasitiki. Kanali katabiriwira, ndipo ndinakaponya m'thumba la ovolosi. Ndinadzinamiza kuti nkhani yatha, zinthu zichira, aliyense aiwala.

Zinachiradi. Nkhono zatsopano zinakhala moyo, miyala yotsala inayambanso kutambasuka. Ndiye tsiku lina adona anandiimika pakhonde, akumwetulira, n'kunena kuti ndaona nanga, chichokereni mtsikana uja zonse zili bwino. Pamenepo ndi pamene ndinaona chimene ndachita. Poyamba ndinalakwa mosadziwa. Koma pokonza mwakabisira muja ndinamumangirira mwana wanu mlandu ndi manja anga, mwakuti palibe akanamumasulanso.

Ndinayenda nako kachitsuloko masabata atatu. Ndinkaopa, sindikubisirani. Ife tilibe mudzi m'dziko lino. Nyumba ndi ya famu, ntchito ikatha denga nalo latha, ndipo ku Tete amene angatizindikire anatha ndi nkhondo. Ndinkayang'ana ana anga n'kumati ndikhale chete. Ndinkayang'ananso mphasa imene Joana ankagonapo, itapindidwa kuseri kwa chitseko.

Filesi anakapeza kachitsuloko pochapa ovolosi. Ndinamuuza zonse. Sanakweze mawu. Anangondifunsa kuti, poti kwathu mwini mbumba ndi ine, mwana wa mlongo wanga akalakwiridwa amakadandaula kwa yani.

Lachisanu lapitali ndinapita ku ofesi n'kukaika patebulo pa bwana. Anakatembenuza nthawi yaitali, nkhope itafiira. Anakalipa, osati kwambiri za mkuwawo, koma za kugwedeza mutu kuja. Sanandithamangitse. Wandichotsa mu wekishopu, ndipo kuyambira mawa ndizikadula nkhuni za mabani oumitsiramo fodya. Bokosi lija sindidzalikhudzanso. Zikundipweteka, koma ndi katundu wanga, ndimusenza. Wati Joana akafuna abwerere pa ntchito yake mwezi ukatha. Koma adona sindikulonjezani kuti adzapepesa.

Lero titatuluka m'tchalitchi ndinapita pa mjigo paja. Ndinadikira amayi achuluke, ndipo ndinawauza kuti amene anapha zinthu za bwana ndi ine, kuti mwana uja ananena zoona kuyambira tsiku loyamba. Ena anaseka, ena anagwira pakamwa. Mayi wina anati mawuwo ndi abwino, koma mwini wake palibepo.

Ananena zoona. Ndipo ndikudziwa, alongo, kuti maso anu sagwiranso zilembo. Ndikudziwa amene wakhala pambali panu akukuwerengerani kalatayi, ndipo ndimadziwa kuyambira pa mzere woyamba.

Joana, iwe mwana wa mlongo wanga, wawerenga wekha ndi pakamwa pako. Sunalakwe. Ndinakunyoza pagulu usanapalamule, ndipo nditadziwa zoona ndinakusiya usenze mlandu wanga masabata ena atatu. Pepa, mwanawe. Ukafuna kubwera, ndidzakuchingamira ndekha pa siteji ya basi, ndipo tidzadzera pa mjigo, ine nditasenza chikwama chako. Ukakana, sindidzakuona cholakwa. Koma kulikonse kumene ukafune ntchito, ukayende mutu uli m'mwamba, ndipo wokufunsa za ku Trelawney umuonetse kalatayi.

Mundiperekere moni kwa alamu a Marcelino ndi ana onse. Filesi akuti mphasa ija waiyanika padzuwa. Ambuye akusungeni, akupatseni mphamvu m'miyendo, ndipo ine andiphunzitse kufunsa.

Ndine mlongo wanu,
ndi atsibweni ako, ngati ukadandiitana choncho,

Simao